Tiyeze mphamvu ya madzi tisanagule shawa

Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ambiri amaiyesa yaing'ono, pamene ikudya ndalama za mabanja ambiri m'matauni mwathu ndipo nthawi zina ikuika miyoyo pachiswe. Nkhaniyi ndi ya mashawa amene tikuika m'nyumba zathu ndi madzi amene amakana kutuluka m'mashawawo. Ndagwira ntchito yoika ndi kukonza mapaipi kwa nthawi yaitali mu mzinda wa Blantyre ndi madera ozungulira, ndipo dandaulo limene ndimalimva kuposa lina lililonse ndi lakuti shawa inagulidwa yodula koma madzi akungodontha. Mwini nyumba amaloza chala pulamba, pulamba amaloza chala wa shopu, wa shopu amakankhira mlandu kwa opereka madzi, ndipo banja lonse limabwerera ku ndowa ndi kapu, shawa yonyezimira ija itasanduka chokolekapo thaulo. Maganizo anga ndi akuti shawa iyenera kusankhidwa molingana ndi madzi amene amafika pa nyumbapo, osati molingana ndi chithunzi cha pa katoni, ndipo madziwo ayenera kuyezedwa munthu asanapise m'thumba.

Choyamba tivomereze kuti m'Blantyre madzi safika ndi mphamvu yofanana paliponse, ndipo sizingatheke kuti afike motero, chifukwa cha momwe mzindawu unakhalira. Madzi ambiri amene Blantyre Water Board imapereka amachokera mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, pa mtunda woposa makilomita 30 kuchokera mu mzinda, ndipo amakankhidwa ndi mapampu a magetsi kudzera ku Chileka mpaka kukwera mamita pafupifupi 800 kuti afike m'mathanki a m'tauni. Damu la Mudi limangothandizirapo pang'ono, ndipo madzi a ku Likhubula, ochokera m'phiri la Mulanje, anabwera kudzachepetsako vutoli makamaka kumbali ya kum'mawa. Tanthauzo lake n'lakuti magetsi akavuta madzinso amavuta, monga tinaonera mu 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. Tanthauzo linanso n'lakuti nyumba imene ili m'mbali mwa phiri la Ndirande, la Soche kapena la Bangwe imalandira madzi mochedwa ndiponso ofooka poyerekeza ndi nyumba ya kumunsi imene ili pa paipi yomweyo. Madzi amayamba akhutitsa a m'chigwa asanakwere kwa a pamtunda. N'chifukwa chake m'madera ena mpopi umatulutsa madzi amphamvu pakati pa usiku anthu atagona, koma ikamakwana 6 koloko m'mawa, aliyense akufuna kusamba, umangolira mpweya.

Pali lamulo limodzi losavuta limene aliyense womanga nyumba ayenera kulidziwa, ngakhale sanapite patali ndi sukulu. Mphamvu ya madzi imayezedwa mu bar, ndipo bar imodzi imafanana ndi madzi otsika kuchokera pa msinkhu wa mamita 10. Munthu akaika thanki pa nsanja ya mamita 4, mutu wa shawa uli pa mamita 2 kuchokera pansi, ndiye kuti msinkhu umene ukukankha madzi ndi wa mamita awiri kapena atatu okha malinga ndi momwe thankiyo yadzazira, ndipo mphamvu imene akupeza siikwana ngakhale theka la bar. Kukula kwa thanki sikusintha zambiri pamenepa. Ambiri amaganiza kuti akachotsa thanki ya malita 1,000 n'kuikapo ya malita 5,000 pa nsanja yomweyo shawa idzayamba kuwaza mwamphamvu, koma chimene amaonjezera ndi masiku amene madzi angakhalitse, osati pulesha. Amaonjezeranso ngozi, chifukwa malita 1,000 a madzi amalemera tani imodzi, ndipo nsanja imene inawotcheredwa kuti inyamule tani imodzi siingakhale ndi matani asanu pamutu mpaka kalekale. Ndaonapo nsanja za zitsulo zopyapyala zitapindika pafupi ndi pamene ana amasewera, eni ake akuti ziwongoka zokha.

Tsopano taonani zimene zadzaza m'mashopu a zipangizo zomangira ku Limbe ndi mu Blantyre. Anthu akukonda mashawa a mutu waukulu wotambalala, aja owaza madzi motsanzira mvula, chifukwa ndi amene amawaona m'mahotela ndi pa zithunzi za pa Facebook. Mashawa amenewa ndi abwino ndithu, koma anapangidwira nyumba zimene madzi ake amafika ndi mphamvu ya bar ziwiri kapena zitatu tsiku lonse, ndipo ena mwa iwo amafuna malita oposa 12 pa mphindi kuti timabowo tonse titulutse madzi. Mukawalumikiza ku thanki ya pa nsanja yaifupi, madzi amasonkhana pakati n'kumatsika ngati chingwe chimodzi, timabowo ta m'mphepete tili gwa. Mutu wa shawa waung'ono wamba, umene mtengo wake ndi wotsika kwambiri, ukanasambitsa munthu bwino pa madzi omwewo. Wogulitsa sanena zimenezi, mwina chifukwa sakuzidziwa, mwinanso chifukwa phindu lake lili pa katundu wodula, ndipo wogula safunsa chifukwa sadziwa kuti pali funso loti afunse.

Komatu kuyeza madzi sikufuna chida chodula. Munthu atenge ndowa ya malita 20, aitchere pa mpopi wa kubafa kapena pa paipi imene shawa idzalumikizidwepo, atsegule mpopi wonse ndi kuwerenga nthawi pa foni. Ndowa ikadzaza pasanathe mphindi ziwiri, madziwo akutha kupereka malita 10 kapena kuposerapo pa mphindi, ndipo mashawa ambiri agwira ntchito. Ikatenga mphindi zinayi kapena zisanu, madziwo ndi ofooka, ndipo ndi bwino kuiwala za mutu waukulu uja. Chofunika kwambiri ndi nthawi yoyezera. Kuyeza masana, anthu atapita ku ntchito, n'kudzinamiza. Muyezo woona ndi wa m'mawa ndi wa madzulo, pamene makomo onse a m'deralo atsegula mipopi, ndipo ndi bwino kuyezanso mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa litafika pachimake. Pulamba wodziwa ntchito yake ayeneranso kukhala ndi kawotchi koyezera pulesha kamene amakamangirira pa mpopi wa panja, ndipo mwini nyumba ali ndi ufulu wofunsa kuti kakuwerenga bwanji.

Vuto lina, limene limasokoneza ngakhale mapulamba, ndi la shawa zosakaniza madzi otentha ndi ozizira pa chogwirira chimodzi. Shawa yotere imafuna kuti madzi a mbali zonse ziwiri afike ndi mphamvu yofanana. Koma m'nyumba zambiri madzi ozizira amachokera ku paipi ya bodi mwachindunji, pamene otentha amachokera ku giza yolandira madzi kuchokera ku thanki ya m'denga, kapena ku giza ya sola ya machubu a galasi imene madzi ake amangotsika okha kuchokera padenga. Zikatero madzi ozizira, pokhala amphamvu, amatsekereza otentha, ndipo nthawi zina amawakankha kubwerera nawo ku giza mpaka kusefukira padenga. Wosamba amapotoza chogwirira pang'ono n'kupsa, apotozanso pang'ono n'kuzizidwa, ndipo wina akatsegula mpopi kukhitchini kapena kugwetsa madzi kuchimbudzi zonse zimasinthanso. Amene ali ndi ana aang'ono kapena okalamba pakhomo asaitenge nkhaniyi mwachibwana, chifukwa madzi a mu giza amasungidwa pa madigiri pafupifupi 60, ndipo a giza ya sola m'chilimwe amatha kutentha kuposa pamenepo, moti khungu la mwana limapsa m'kanthawi kochepa.

Mankhwala ake ndi odziwika, kungoti amafuna kuganiziridwa nyumba isanapakidwe pulasitala. Madzi otentha ndi ozizira a kubafa ayenera kuchokera ku gwero limodzi: ngati giza ikumwa ku thanki, madzi ozizira a ku shawa achokerenso ku thanki yomweyo. Ngati giza ndi ya mphamvu yaikulu, monga zija zochokera ku South Africa zolembedwa 400 kPa, kutanthauza bar zinayi, paipi ya madzi ozizira a kubafa ilumikizidwe pamene madzi adutsa kale valavu yochepetsa mphamvu imene imabwera ndi gizayo, kuti mbali zonse zilingane. Kumene zimenezi sizingatheke, mipopi iwiri yosiyana, wa otentha ndi wa ozizira, imavuta pang'ono poyerekeza ndi chogwirira chimodzi, ngakhale kuti siioneka yamakono.

Ndifike tsopano pa mtundu wa shawa umene wandichititsa kulemba kalatayi, umene ndi shawa yamagetsi yotenthetsa madzi pomwepo m'mutu mwake. Shawa imeneyi, imene inatchuka kwambiri ku Brazil ndipo yafala m'maiko ambiri a mu Africa, yalowa mwamphamvu m'nyumba za lendi, m'malo ogona alendo ndi m'nyumba zogona ophunzira, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi giza, siifuna paipi yachiwiri ya madzi otentha, ndipo imadya magetsi pokhapokha munthu akusamba. Shawa ya mawati 5,500 ikayaka kwa mphindi 10 imadya pafupifupi yuniti imodzi, pamene giza ya malita 150 imafuna mayunitsi pafupifupi 7 kuti itenthetse madzi onse kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60. Kwa munthu wokhala yekha kapena banja laling'ono, logula mayunitsi pang'onopang'ono, kusiyana kumeneku si kwamasewera. Choncho sindikunena kuti shawayi ndi yoipa. Ndikunena kuti momwe tikuiikira m'nyumba zambiri ndi moopsa.

Mkati mwa mutu wa shawayi muli waya wotenthetsa amene amakhudzana ndi madzi, ndiponso kachipangizo kamene kamayatsa magetsi madzi akakakankha. Madzi akakhala ofooka kwambiri, kachipangizoka sikakankhika ndipo shawa siiyaka, kapena imangoyaka ndi kuzima, magetsi a m'nyumba akuphethira. Madzi akachepa shawa ili chiyakire, amatuluka otentha mopitirira muyeso, ndipo m'paipi mukalowa mpweya, monga zimachitikira madzi akangobwera kumene atasowa kwa nthawi, waya wotenthetsa uja amapsa chifukwa wayaka wopanda madzi omuziziritsa. Ndi chifukwa chake m'madera amene madzi amadukaduka anthu amasintha waya ameneyu kawirikawiri n'kumanena kuti katundu wa masiku ano ndi wachinyengo. Akanazimitsa shawa ku switchi, n'kutsegula madzi kuti mpweya uyambe watha asanaiyatsenso, akanapulumutsa ndalama zambiri. Komanso madzi akachuluka, shawayi siikwanitsa kuwatenthetsa, pakuti mawati 5,500 amangotha kukweza malita anayi pa mphindi ndi madigiri pafupifupi 20. Mu Juni ndi Julaye, chiperoni chitakuta Blantyre, kapena kwa anzathu a ku Dedza ndi ku Mzuzu, madzi amafika ozizira kwambiri moti munthu amayenera kuchepetsa mpopi kuti afunde, ndipo apa m'pamene ena amayamba kugwiragwira mabatani a pamutu pa shawa ndi manja onyowa, ataponda pansi ponyowa, madzi akutuluka.

Za mawaya ndiye zimandiimitsa mutu. Shawa ya mawati 5,500 pa magetsi athu a ma volt 230 imakoka ma amp pafupifupi 24, pamene pulagi yathu ya mano atatu inapangidwira ma amp 13 okha. Shawa yotere imafuna waya wakewake wochokera ku bokosi la magetsi, wonenepa bwino, wa saizi ya 4 mm² kapena 6 mm² malinga ndi kutalika kwa mtunda, buleka yakeyake, switchi yokhala kunja kwa bafa kapena kutali ndi madzi, waya wa ethi wolumikizidwa moyenera mpaka m'nthaka, ndiponso buleka ija imene imadula magetsi yokha nyesi ikayamba kuthawira kumene siiyenera kupita. Koma zimene ndimapeza m'mabafa ambiri ndi waya wobedwa ku soketi yapafupi, nthawi zina ngakhale ku getsi la kubafa, wolumikizidwa pongopotokola ndi kukulunga tepi yakuda pamwamba penipeni pa mutu wa wosamba, waya wa ethi akungolendewera osalumikizidwa paliponse. Nthunzi imafewetsa tepi ija, mawaya amatentha n'kuyamba kununkha, ndipo okhala m'nyumbamo amazolowera kumva kuluma pang'ono akagwira mpopi, mpaka amaphunzitsana kuti azitsegula ndi thaulo louma kapena kusamba atavala masilipasi. Mpopi umene ukuluma ndi chenjezo lakuti nyesi yapeza njira yodutsa m'thupi la munthu, ndipo shawa yotero iyenera kuzimitsidwa ku bokosi tsiku lomwelo mpaka wamagetsi wovomerezeka ataiona. Ife mapulamba tilinso ndi mbali yathu pa vutoli, chifukwa ambiri amalandira ndalama yoikira shawa ndi kulumikiza okha magetsi, ntchito imene sanaiphunzire.

Si nthawi zonse pamene vuto limakhala la msinkhu wa thanki kapena la opereka madzi. M'nyumba zakale za mapaipi achitsulo, dzimbiri limamera m'kati mpaka njira ya madzi imatsala yaing'ono kwambiri, ndipo palibe shawa imene ingathandize kufikira mapaipiwo atasinthidwa. M'nyumba zatsopano omanga amakonda kuyendetsa nyumba yonse ndi paipi ya hafu inchi pofuna kupulumutsa ndalama, ndi makona ambirimbiri amene aliyense amadyako mphamvu, pamene paipi yotsika ku thanki imayenera kukhala ya inchi imodzi kapena yochepera pang'ono, n'kumachepa pofika pa mpopi. Madzi akasowa n'kubweranso amabwera ndi mchenga ndi dothi zimene zimatseka kasefa ka pa mita, ka pa valavu ya giza ndi ka pakhosi pa shawa. Amene amagwiritsa ntchito madzi a m'chitsime chokumba ndi makina amaona zoyera zikuuma pa timabowo ta shawa. Kuumasula mutuwo ndi kuuviika mu viniga usiku umodzi kumatsegula timabowo tambiri popanda kuitana mmisiri. Ndi bwino kuyamba ndi zotsika mtengozi musanathamangire kugula pampu.

Pampu yoonjezera mphamvu ndi yothandiza ikaikidwa pamalo pake, ndipo malo ake ndi kutsogolo kwa thanki: madzi a bodi alowe mu thanki mwa mphamvu yawo, kenaka pampu itenge mu thanki kupititsa m'nyumba. Chimene chikufala masiku ano, cholumikiza pampu ku paipi ya bodi pafupi ndi mita, n'chinthu choipa pa zifukwa ziwiri. Pampu yotero imayamwa madzi amene akanafika kwa oyandikana nawo, moti nyumba imodzi imasamba mosangalala mzere wonse uli pa ludzu, ndipo anzawo akatopa nawonso amagula mapampu awo mpaka onse amabwerera pamene anayambira. Chachiwiri n'chakuti pampu ikamayamwa paipi yopanda madzi okwanira, paliponse pamene paipiyo inang'aluka pansi pa nthaka pamayamba kulowa madzi akuda a m'ngalande ndi a pafupi ndi zimbudzi. Dziko lino lisanaiwale mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700, sitiyenera kulola mchitidwe woitanira zonyansa m'mapaipi a madzi akumwa chifukwa chofuna shawa yowaza bwino.

Tisaiwalenso kuti mphamvu yopitirira muyeso nayo ndi vuto, ngakhale kuti odandaula ake ndi ochepa. Kumene madzi amatsika kuchokera pamwamba, monga ku Zomba kumene amachokera ku damu la Mulunguzi pa phiri, kapena m'madera a kumunsi a mzinda uliwonse pakati pa usiku, pulesha imatha kukwera mpaka kuphulitsa timapaipi tofewa ta pansi pa sinki, kudonthetsa valavu ya giza usiku wonse ndi kung'alula shawa za pulasitiki. Bilu imakwera popanda wodziwa kumene madzi akupita. Valavu yochepetsa mphamvu, yoikidwa pamene paipi ikulowa m'nyumba, imathetsa zonsezi pa mtengo wochepa poyerekeza ndi siling'i yogwa chifukwa chonyowa.

Pempho langa likupita mbali zingapo. A Malawi Bureau of Standards aonetsetse kuti shawa iliyonse yolowa m'dziko muno, makamaka yamagetsi, ili ndi malangizo m'chilankhulo chimene wogula angamve, osonyeza mphamvu ya madzi yochepetsetsa imene ikufunika ndi kukula kwa waya wake, pakuti zina zimabwera ndi mapepala a Chipwitikizi kapena Chitchaina okhaokha. A TEVETA ndi sukulu za ntchito zamanja alimbikitse phunziro la kuyeza ndi kuwerengera mphamvu ya madzi, kuti mnyamata kapena mtsikana wotuluka kumeneko asamangodziwa kudula ndi kumata mapaipi. Mabungwe opereka madzi, kuyambira Blantyre ndi Lilongwe mpaka a m'zigawo zitatu, angathandize kwambiri atamauza munthu wofunsira mita kuti pamalo pake madzi amafika ndi mphamvu yotani m'mawa ndi usiku, chifukwa mainjiniya awo amazidziwa zimenezi, ndipo womanga akanadziwiratu ngati akufunika thanki, kutalika kwa nsanja yake, ndi mtundu wa giza woti agule.

Kwa eni nyumba za lendi, amene ambiri amakweza mtengo chifukwa chakuti nyumba ili ndi shawa ya madzi otentha, ndikupempha kuti aitane wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA adzaone shawa iliyonse yamagetsi imene ili m'nyumba zawo, ayeze ethi, ndi kuchotsa malumikizidwe onse a tepi. Wofuna kulowa m'nyumba ya lendi naye asachite manyazi kupempha kuti akaione m'mawa kapena madzulo, atsegule shawa, ayang'ane mawaya a pamwamba pake, ndipo afunse oyandikana nawo kuti madzi amabwera nthawi yanji, asanapereke ndalama ya miyezi itatu imene eni nyumba ambiri amafuna poyamba.

Ine wanu,
Mmisiri wa mapaipi,
Blantyre